Makina Otchetchera Kapinga Oyendera Mbale: Kodi Angalimbane ndi Matope?

Ku America kuli anthu amene amatenga makina akale otchetchera kapinga, aja okhala ndi mpando ndi chiwongolero, n'kuwachotsa mipeni yotchetchera, kuwaveka matayala a mano akuluakulu, kenako n'kumakasewera nawo m'tinjira ta m'nkhalango ndi m'zithaphwi. Ndi masewero osalira ndalama zambiri, chifukwa makina otha ntchito amapezeka motchipa ndipo mwiniwake amawakonza yekha kuseri kwa nyumba. Pakati pa anthu amenewa pamabuka kawirikawiri funso lokhudza mtundu umodzi wa makina, umene injini yake ili kumbuyo ndipo mphamvu imafika ku matayala kudzera m'kagudumu ka labala kotsamira pa mbale yachitsulo, njira imene amisiri amaitchula kuti friction drive. Makinawa alipo ambiri, ndi opepuka ndiponso amakhalitsa, choncho n'zomveka kuti munthu aganize zolowa nawo m'matope. Ine ndikuona kuti mphamvu yawo yokoka ili ndi malire amene sasuntha, ndipo malirewo ali pa kachigawo kakang'ono kamene labala amakhudzana ndi chitsulo. Matope amawononga kachigawo komweko pa nthawi imene makina akufunika kukoka kwambiri. Zina zonse zimene anthu amayamikira kapena kudandaula nazo pa makinawa zimachokera pamenepa.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi makina a kampani ya Snapper, imene inali ku McDonough m'chigawo cha Georgia. Kampaniyi inatulutsa makina ake okwerapo a injini ya kumbuyo mu 1962, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni kwa zaka zambirimbiri. Amene anaonera filimu ya Forrest Gump ya mu 1994 anawaona makinawa pamene Tom Hanks ankatchetcha nawo kapinga. Injini yake imakhala ndi shafiti yoloza pansi, ndipo kumapeto kwa shafitiyo kuli mbale yafulati yozungulira pa liwiro la injini, kupitirira maulendo 3,000 pa mphindi. Pansi pa mbaleyo pali kagudumu koimirira, kotalika pafupifupi masentimita 15, kokhala ndi mkombero wa labala, ndipo sipuling'i imakakanikizira ku mbale. Woyendetsa akasintha giya amangosuntha kagudumuko. Kakakhala pafupi ndi pakati pa mbale makina amayenda pang'onopang'ono, kakapita chakumphepete amathamanga, ndipo kakadutsa pakati n'kufika mbali inayo makina amabwerera m'mbuyo. Kuponda kilatchi n'kungochotsa kagudumuko pa mbale. Kuchoka pamenepo mphamvu imadutsa m'tcheni ndi m'magiya ochepetsa liwiro, kenako mu difu, n'kufika ku matayala akumbuyo. Makina ambiri otere ali ndi magiya asanu opita kutsogolo ndi imodzi yobwerera m'mbuyo. Amene anagwiritsapo ntchito dayinamo ya njinga, ija yotsamira pa tayala, akudziwa kale khalidwe la njira imeneyi: kukauma nyali imawala bwino, mvula ikagwa kamutu ka dayinamo kamayamba kuterereka ndipo nyali imaphethira.

Njirayi si yachilendo, ndipo mbiri yake ikutiuza kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 makampani angapo ankapanga magalimoto oyendera mbale. Cartercar, imene Byron Carter anaiyambitsa mu 1905 ndipo General Motors inaigula mu 1909, inali ndi gudumu la mkombero wa mapepala opanikizidwa lotsamira pa mbale. Panalinso Lambert ya ku Anderson m'chigawo cha Indiana, Metz ya ku Waltham m'chigawo cha Massachusetts, ndi GWK ya ku Britain. Magalimotowa sanali ofooka kukakhala kouma, ndipo a Cartercar ankatsatsa malonda awo poonetsa galimoto ikukwera zitunda zovuta. Koma Cartercar inatha mu 1915, ndipo injini zitayamba kukula mphamvu komanso magalimoto kulemera, makampani onse anapita ku magiya a mano otsekeredwa m'bokosi la oyilo. Mbale ndi kagudumu zinatsala m'makina aang'ono, opepuka, oyenda pang'onopang'ono, monga otchetchera kapinga ndi ochotsera chipale chofewa. Amisiri a nthawi imeneyo anaona okha kuti njirayi imagwira bwino pa katundu wochepa ndipo imagonja katundu akakula, apo n'kuti nkhani ya madzi isanalowepo n'komwe.

Chifukwa chake chili m'masamu osavuta. Mphamvu imene mbale ingapereke ku kagudumu imadalira zinthu ziwiri zokha: mmene sipuling'i ikukanikizira, ndi mmene labala akugwirira pa chitsulo. Zinthu ziwirizi sizisintha munthu akasintha giya, chifukwa sipuling'i ndi yomweyo, labala ndi yemweyo, ndipo kukula kwa kagudumu n'komweko. Tanthauzo lake n'lakuti malire a mphamvu yokoka ndi amodzimodzi kaya makina ali mu giya yoyamba kaya yachisanu. Mu giya yapamwamba injini ndiyo imayamba kulefuka, pamene mu giya yotsika injini imakhala ndi mphamvu yotsala koma labala sangathe kuinyamula, ndiye amaterereka. Apa ndi pamene makinawa akusiyana ndi a giyabokosi ya mano. Pa makina a mano, kutsitsa giya kumachulukitsadi mphamvu yofika ku matayala, chifukwa mano akalumana palibe choterereka. Pa makina a mbale, kutsitsa giya kumachepetsa liwiro ndi kupeputsira injini ntchito, koma sikukweza malire aja. Munthu amene watitimira m'matope amathamangira ku giya yoyamba poyembekeza kuti makina adzuka ndi mphamvu zowirikiza, ndipo chimene amamva ndi injini ikulira bwinobwino matayala ali chiimire.

Giya yotsika ili ndi vuto linanso limene anthu ambiri saliganizira. Mkombero wa labala uli ndi m'lifupi mwake, choncho mbali yake imodzi imakhudza mbale pafupi ndi pakati, ina kutali pang'ono, ndipo malo awiriwa sathamanga mofanana. Tiyerekeze kuti labala ndi wa sentimita imodzi m'lifupi. Kagudumu kakakhala masentimita 7 kuchokera pakati pa mbale, mbali imodzi ili pa 6.5, ina pa 7.5, ndipo kusiyana kwa liwiro n'kochepa, pafupifupi magawo 15 pa 100. Kakasunthira pa masentimita 2, mbali imodzi ili pa 1.5, ina pa 2.5, ndipo chitsulo chimene chili pansi pa mbali yakunja chikuthamanga kuposa chamkati ndi magawo oposa 60 pa 100. Kagudumu sikangazungulire pa maliwiro awiri nthawi imodzi, ndiye gawo lina la labala limakhala likukhulika nthawi zonse, likutentha ndi kuperepeseka, ngakhale kunja kuli gwa kouma. Giya yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo zonse zili pafupi ndi pakati, ndipo ndizo zimene munthu amadalira pofuna kudzizula m'thope. Matayala akakanirira kagudumu n'kuima mbale ikuzungulirabe, chitsulo chimadya labala pamalo amodzi. Fungo la labala wopsa limamveka msanga, ndipo pambuyo pake mkombero umatsala ndi malo ophwatalala amene amachititsa makina kuyenda modumphadumpha, akugunda paliponse pamene malowo afika pa mbale.

Tsopano tiwonjezerepo madzi ndi dothi. Mbale ili kunsi kwa injini, kagudumu kali kunsi kwa mbale, ndipo zonsezi zili pakati pa matayala akumbuyo, malo amene thope limawazikira kwambiri. Kunsi kwake sikotsekeka ngati giyabokosi. Madzi akafika m'munsi mwa kagudumu, iko pozungulira kamawatunga n'kuwapereka pamalo enieni okhudzana ndi mbale. Labala wonyowa amagwira chitsulo mofooka kwambiri kusiyana ndi wouma, ndipo madzi osakanikirana ndi dongo amaterera kuposa madzi oyera chifukwa tizidutswa ta dongo timapanga phala losalala limene silichoka msanga. Dothi lamchenga lili ndi choipa chake: mchenga ukalowa pakati umapala labala ndi kukanda mbale. Choncho pamene matayala azama ndipo makina akufunika kukankha thope lolemera kutsogolo kwa gudumu lililonse, mphamvu imene kagudumu kangapereke imakhala yatsika. Chofunika chikukwera, chopezeka chikutsika, ndipo zonsezi zikuchitika pa mphindi imodzi ndi pa chifukwa chimodzi.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za pa pepala, chifukwa anthu ambiri aona makinawa akudutsa pa kapinga wonyowa ndi pa njira zoterera popanda vuto, mwinanso kuposa makina akuluakulu a injini ya kutsogolo. Zimenezo n'zoona, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Injini ndi woyendetsa onse ali pamwamba pa matayala akumbuyo, ndiye matayala okokawo amakanikizika bwino pansi. Makinawo ndi opepuka, sazama msanga, ndipo akatitimira anthu awiri amatha kuwanyamula. Komanso tcheni ndi magiya amene ali patsogolo pa kagudumu amachulukitsa mphamvu yake kambirimbiri isanafike ku matayala. Koma tiyang'ane bwino chimene chikuchitika pa thope losaya lotereralo. Matayala a pa kapinga ali ndi mano aafupi, opangidwa dala kuti asakumbe udzu, ndipo thope likadzaza m'mipata yake amasanduka osalala. Iwo ndiwo amayamba kuzungulira pamalo amodzi kagudumu kasanalemedwe n'komwe. Difu nayo imapereka mphamvu yofanana ku matayala onse awiri, ndiye tayala limodzi likaterereka linzake limangolandira zochepa zomwezo. Pamenepa kagudumu kamaoneka kolimba chifukwa choti pali china chofooka kuposa iko chimene chikugonja poyamba. Sikanayesedwe.

Mayeso enieni amabwera mwiniwake akayamba kukonza zofooka zinazo, ndipo aliyense wofuna kusewera m'matope amayambira pomwepo. Amaveka matayala a mano aatali ngati a thalakitala, amawotcherera difu kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi, ndipo nthawi zambiri amasankha matayala aakulu kuti mimba ya makina ikwere. Chilichonse mwa izi chimasamutsira katundu ku kagudumu. Mano aatali amaluma pansi, ndiye kuterereka kumene kunkachitikira pa tayala kumakachitikira pa mbale. Difu yowotcherera imachotsa njira ina imene mphamvu inkathawira, ndipo pokhota tayala limodzi limakokeka mokakamiza. Tayala lalikulu limachepetsa mphamvu yofika pansi: kuchoka pa tayala la mainchi 16 kupita pa la mainchi 20 kumachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yokoka. Pa makina a giyabokosi munthu amabwezera zimenezi potsitsa giya kapena posintha mapule, koma pa makina a mbale taona kale kuti kutsitsa giya sikukweza malire. Chotsala ndi kulimbitsa sipuling'i, ndipo izi zimathandiza pang'ono, koma zimafulumizitsa kutha kwa labala ndipo zimakankha shafiti ya injini ndi mabeyaling'i ndi mphamvu imene sanapangidwire. Mapeto ake, makina amene akonzedwa kwambiri kuti alowe m'matope ndi amene amaonetsa kufooka kwa mbale moonekeratu.

Chotsutsa china, chimene chili ndi mphamvu ndithu, n'chakuti makina a giyabokosi aja nawonso amadalira kugwirana kwa labala ndi chitsulo, popeza mphamvu imachoka ku injini kupita ku giyabokosi pa lamba, ndipo lamba wonyowa amaterereka. Palibe wokana zimenezi, ndipo osewera m'matope amadandaula nazo ndithu. Koma kusiyana kulipo kutatu. Lamba amakulunga pule pafupifupi theka lonse, pamene kagudumu kamakhudza mbale pa kachigawo kakang'ono chabe. Lamba ndi wosongoka m'mbali ndipo amalowa mu mpata wa pule mopanikizika, zimene zimachulukitsa kugwira kwake pafupifupi katatu kuyerekeza ndi lamba wafulati. Chachitatu n'chofunika koposa: mphamvu imadutsa pa lamba isanafike ku magiya osinthika, choncho munthu akatsitsa giya katundu wa lamba amachepa, ndipo ngakhale lamba wonyowa wogwira mofooka amathabe kutembenuza matayala mu giya yoyamba. Pa makina a mbale, malo osinthira liwiro ndi malo otererekera ndi amodzi, ndiye palibe pothawira. N'chifukwa chake anthu a masewerowa amafunafuna magiyabokosi a Peerless, makamaka ya mtundu wa 820 imene ndi yolimba, kapena mathalakitala akale a m'munda a Wheel Horse ndi Cub Cadet. Makina oyendera oyilo wopopedwa nawonso ndi otsekeka, ngakhale kuti aang'onoang'ono amatentha thope likamata pa chikwama chawo n'kutseka mpweya woziziritsa.

Enanso amatchula makina ochotsera chipale chofewa. Kampani ya Ariens ya ku Brillion m'chigawo cha Wisconsin, pamodzi ndi Toro ndi ena, akhala akugwiritsa ntchito mbale ndi kagudumu m'makina amenewa kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yawo yonse ndi ya m'malo onyowa. Ngati njirayi imapirira kumeneko, bwanji m'matope? Yankho lili m'kapangidwe ndi m'mtundu wa chonyowetsacho. M'makina a chipale mbale ndi kagudumu zili m'kati mwa bokosi lachitsulo lokhala ndi chivundikiro kunsi. Makinawo sanyamula munthu, amayenda pa liwiro la woyenda pansi, ndipo mwiniwake amatha kuwakankha akafooka. Chipale chikasungunuka chimapereka madzi oyera, amene mbale yotentha imawaumitsa. Ngakhale zili choncho, kuterereka kwa kagudumu madzi akadontha m'bokosimo ndi limodzi mwa madandaulo odziwika a makina amenewa. Umboni umenewu ukuthandiza mfundo yathu m'malo moigwetsa. N'chimodzimodzi ndi mfundo yakuti mbale yothamanga imadzipukuta yokha pomwaza madzi. Imatero ndi madontho owazika, ndipo n'chifukwa chake makina amayambanso kukoka pakapita kanthawi atatuluka pa chithaphwi chaching'ono. Koma kagudumu kakamabweretsa thope latsopano pa kuzungulira kulikonse, mbale siipeza mpata wouma.

Pali ubwino umodzi umene suyenera kubisidwa. Kuterereka kwa kagudumu kumateteza ziwalo zina. Pa makina a magiya a mano, tayala lozungulira mwaliwiro likaluma mwadzidzidzi pa muzu kapena mwala, kugunda konseko kumafika pa mano a giya ndi pa ekiselo, ndipo kuthyoka kwa zimenezi kumafuna kumasula bokosi lonse. Pa makina a mbale labala ndiye amalandira chilangocho, ndipo ndi chiwalo chotchipa chimene munthu amasintha ndi zipangizo wamba. Makina a Snapper amatha kuimikidwa choimirira pa zitsulo zake zakumbuyo, kunsi konse n'kuonekera, moti kutsuka mbale ndi kusintha kagudumu si ntchito yovuta. Kwa wotchetcha kapinga zimenezi ndi zabwino kwambiri, ndipo n'zimene zapangitsa makinawa kukhala zaka makumi angapo akugwirabe ntchito. Koma chitetezo chimenechi ndi dzina lina chabe la malire omwe aja. Chiwalo chopangidwa kuti chizigonja katundu akachuluka chidzagonjanso pamene munthu akufunitsitsa kuti chisagonje, pakati pa chithaphwi, kutali ndi msewu.

Palinso nkhani ya ngozi, imene siyenera kuiwalika chifukwa cha chisangalalo cha masewero. Kulemera kwa kumbuyo kumene kumathandiza matayala kugwira pansi kumasiya kutsogolo kopepuka. M'thope matayala akutsogolo amangotsetsereka ndipo chiwongolero sichimveka, pamene pa chitunda, matayala a mano akaluma mwadzidzidzi, kutsogolo kumatha kunyamuka makina n'kugudubuzikira chagada pamwamba pa woyendetsa. Potsika chitunda injini imathandiza kugwira makina kudzera m'kagudumu komweko, ndiye kakanyowa thandizolo limatha ndipo zonse zimatsalira buleki yaing'ono imene nayonso yanyowa. Mabuku a malangizo a makina otchetchera amachenjeza za udzu wonyowa ndi malo otsetsereka pa zifukwa zomwezi. Ena amayesa kutchinga kunsi ndi lata kapena labala kuti thope lisafike pa mbale. Zimachepetsa kuwazika, koma shafiti ndi ndodo zosinthira giya zimafuna mipata yodutsa, ndipo chotchinga chimene chalowetsa thope chimalisunganso momwemo.

Tikaphatikiza zonsezi, funso loti makina oyendera mbale amatha bwanji m'matope lili ndi yankho lodalira kuya kwa thope. Pa kapinga wonyowa, pa njira yoterera pamwamba koma yolimba pansi, ndi pa tizithaphwi tosafika pa kagudumu, makinawa amayenda bwino, ndipo kupepuka kwawo kumawathandiza kuposa ena. Chofunika n'kusunga mbale yoyera, yopanda oyilo kapena girisi, kusintha labala akauma kapena kung'aluka, ndi kuponda kilatchi msanga matayala akaima kuti mkombero usapse. Thope likafika pa ekiselo, kapena madzi akakhudza kagudumu, makinawa amasiya kukoka, ndipo palibe matayala, sipuling'i kapena injini yaikulu imene ingasinthe zimenezo, chifukwa vuto lili m'kapangidwe kake. Amene ali kale ndi makina otere awasunge pa ntchito imene anapangidwira, pakuti amaigwira bwino ndipo amakhalitsa. Amene akufuna makina olowa nawo m'matope akuya asawononge ndalama pa mbale ndi kagudumu, agule a giyabokosi ya mano yotsekeredwa mu oyilo.